Mbiri ya mayi wa khasu ndi odwala: muilembe bwanji pa tsiku la chiliza?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Iye akuti: "Amayi anga aakulu, amene anandilera ine ndi ang'ono anga awiri mayi athu otibereka atamwalira, anatisiya chaka chatha kumudzi kwathu cha ku Lirangwe. Pamaliro mbiri yawo sinathe ndi mphindi ziwiri zomwe: anabadwa, anakwatiwa, anabereka ana asanu ndi mmodzi, anadwala, atisiya. Mu Seputembala tikukavundukula chiliza ndipo abale andisankha kuti ndikawerenge mbiri. Koma sukulu sanapite, ntchito sanagwirepo, moyo wawo wonse unali munda ndi kudwazika anthu. Ndikalemba chiyani?"

Pepani ndi zovutazo, Mayi. Mawu akuti "ntchito sanagwirepo" muwachotse kaye, chifukwa ndi amene anafupikitsa mbiri ija. Mbiri ya pamaliro imalembedwa usiku pasiwa, mothamanga, ndipo olemba amatsata ndondomeko ya munthu wa pamalipiro: anaphunzira kuti, analembedwa ntchito liti, anapuma chaka chanji. Mayi wa kumudzi mukamuika m'ndondomeko imeneyo, mizere yonse imatsala yopanda kanthu. Zawo zili mwa anthu amene anadya m'mphika mwawo, amene anawasambitsa ali gone, ndi m'munda umene anausiya. Kumeneko ndi kumene muyenera kukazitenga, ndipo sizitengedwa pa foni muli ku Ndirande.

Konzani maulendo awiri a kumudzi lisanafike tsikulo, woyamba wogonako masiku awiri kapena atatu. Musanafunse munthu aliyense, kaonekereni kwa amalume, eni mbumba, muwauze chimene mwabwerera. Mukadumpha pamenepa, pofika madzulo mudzi wonse ukhala utamva kuti mwana wa m'tauni akufufuza za munda, kapena akusaka amene analodza malemu, ndipo pakamwa pa anthu patsekeka. Kenako yambani ndi okalamba kwambiri, poti iwowo sadikira. Funani anzawo amene anavinidwa nawo limodzi, mlamu wawo, mayi amene ankalima kutsidya kwa malire a munda wawo, ndi amayi a kumpingo, kaya a Mvano ngati anali a CCAP, a Dorika ngati anali a Seventh Day, kapena a mphakati wawo ngati anali Akatolika. Ana obereka muwafunse pomaliza. Iwo amadziwa mayi wawo yekha, pomwe anzawo amadziwa mtsikana, mkazi wapabanja ndi mlimi. Musapite chimanjamanja: paketi ya shuga, mchere kapena sopo wochapira zikwanira.

Kafunsidwe ndi kamene kamalakwika kawirikawiri. Mukati "Kodi anali munthu wotani?" aliyense ayankha chimodzimodzi, kuti anali wabwino, wokonda anthu, wolimbikira, wopemphera. Mawu amenewa amanenedwa pa maliro alionse, ngakhale a munthu amene mudzi wapuma naye. Funsani zogwirika. Chaka cha njala ya 2002 pakhomo pano munkadya chiyani, ndipo ankachipeza kuti? Mbuzi yoyamba anaigula ndi ndalama ya chiyani? Nandolo ankakagulitsa ku msika wa Lunzu kapena ankadikira mavenda pakhomo? Uje atagonekedwa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ndani anatsala ndi munda? Akakwiya ankati chiyani? Amayi muwafunse ali okhaokha, kukhitchini kapena akutonola chimanga, inunso manja ali pa ntchito yomweyo. Pabwalo pamaso pa abambo adzangovomereza zonena amuna. Wokalamba akayamba kuzungulira, musamudule, nkhani yeniyeni imabwera pambuyo pa yachitatu. Pemphani chilolezo chojambula mawu pa foni, muiike pafupi ndi wolankhula, kutali ndi mphepo ndi chigayo, ndipo poyambirira mutchule nokha tsiku ndi amene akulankhula. Pawa banki musaiwale. Mukabwerera m'tauni tumizani mawuwo kwa abale awiri usiku womwewo, popeza foni imabedwa mu minibasi ndipo memori khadi imafa osatsanzika.

Tsopano zaka. Chiphaso cha unzika chimene anthu anajambulitsa mu 2017 musachikhulupirire chokha, chifukwa okalamba ambiri chaka chobadwa anangowayerekezera. Khadi ya ubatizo, kaundula wa kumpingo ndi buku la kuchipatala zimathandiza, koma chodalirika kwambiri ndi kulumikiza moyo wawo ndi zinthu zimene dziko lonse likuzidziwa chaka chake. Njala ya 1949 inakantha kwambiri dera lomwelo la Lunzu ndi Lirangwe, ndiye funsani ngati nthawi imeneyo anali kumsana, ankayenda, kapena ankatha kale kutunga madzi. Wa kumsana ndiye kuti anabadwa cha mu 1947 kapena 1948. Kamuzu anabwera mu 1958, ufulu unadza mu 1964, ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971. Ngati malipiro a sukulu kapena mtengo wa chinthu china akuukumbuka m'mashereni, mwina zinachitika chisanafike chaka chimenecho. Ngati bambo anapita ku Joni kudzera ku Wenela, dziwani kuti boma linaimitsa ulendo umenewo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndipo zaka zimene bamboyo anali kumigodi ndi zaka zimene mayi ankalima okha. Zimenezo zilembedwe. Chilala cha 1992, riferendamu ya 1993, sukulu yaulere ya 1994, njala ya 2002, madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, zonsezi ndi zikhomo zomangirirapo nkhani. Pamene anthu awiri akusiyana, lembani kuti "cha m'ma 1948" basi. Tsiku lopeka likalowa pamwala, zidzukulu zidzalitenga ngati loona.

Dzina nalonso lifufuzeni. Mayi wotere amakhala ndi maina anayi kapena asanu: la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, la mfunda monga Naphiri, Nabanda kapena Nambewe, kapena Abiti auje ngati kwanu n'kwa Chiyao, ndiponso loitanira mwana woyamba, lija lakuti make auje. Lakuchinamwali mufunse akuluakulu ngati n'lololedwa kulitchula pagulu. Dzina limene mudzi unkawaitanira lisasowe m'mbiri ngakhale pamwala, apo ayi anzawo adzamva ngati mukunena za mlendo.

Za munda musangoti anali mlimi wolimbikira. Pitani mukauyende, muuyeze ndi mapazi. Ekala imodzi ndi malo a mamita pafupifupi 64 m'litali ndi 64 m'lifupi. Pa mizere yotalikirana masentimita 90, monga ankalimira kale, ekala imodzi imakhala ndi mizere yoti mutailumikiza ingatalike makilomita anayi ndi theka. Maekala awiri ndi makilomita asanu ndi anayi, pafupifupi ulendo wochoka ku Limbe kukafika ku Blantyre m'tauni, koma woyenda chowerama ndi khasu. Ndipo mzere umodzi ankaudutsa kangapo pachaka, pososa, pogalauza, pobzala, popalira, pobandira ndi pokolola. Mukanena zimenezi pamanda, ngakhale mwana wobadwira ku Chilomoni amva kulemera kwake.

Chakudya chiwerengeni motere. Funsani kuti pa nthawi imene pakhomo panali anthu ambiri, thumba la chimanga la makilogalamu 50 linkatha masiku angati. Akati masabata atatu, ndiye kuti pachaka pankafunika matumba 17, ndipo pa zaka 30 ndi matumba oposa 500. Kenako funsani chimene ankachita nkhokwe ikaoneka pansi mu Januwale, kaya ganyu, kaya dimba, kaya kuphika thobwa kapena zitumbuwa, kaya kusinthanitsa nkhuni ndi madeya. Madzi nawonso: ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo pakhomo pamene pali wodwala wogona, maulendo asanu a kuchitsime patsiku ndi ochepa. Koma ziwerengero musadzaze nazo mbiri yonse. Ziwiri kapena zitatu zikwanira, zina zonse zikhale zooneka ndi maso, monga mtundu wa nandolo umene ankausunga, zikwatu za mfutso zopachika kudenga, mtengo wa mango umene anabzala chaka chimene mwana wakuti anabadwa.

Kudwazika ndiye mtima wa mbiri imeneyi, ndipo m'pamene muyenera kukhalitsa. Lembani papepala lanulanu aliyense amene anamudwazika, kuyambira apongozi, amuna awo, abale awo, ana, mpaka anthu a m'mudzi, ndi kutalika kwa matenda alionse. Mudzadabwa kuti mukaphatikiza miyezi imeneyo ikukwana zaka. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Zaka khumi ndi zisanu za m'mbuyo mwake, odwala ambiri a m'tauni muno ankabwezedwa kumudzi, ndipo owalandira anali amayi ngati amenewa. Achinyamata amene adzakhale pamwambowo sadziwa kuti kudwazika kunali chiyani, ndiye muwauze ntchito yake mmene inalili. Kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro n'kumwetsa ndi supuni pang'onopang'ono kuti wodwala asatsamwe. Kumutembenuza usana ndi usiku kuti asatuluke zilonda za pamphasa. Kuchapa zofunda mbandakucha anthu asanafike pachitsime, pofuna kusunga ulemu wa wodwalayo. Akatumizidwa ku Gulupu, gadiyani ankanyamula ufa, nkhuni, mphika ndi beseni kuchokera kumudzi, n'kumagona pansi pa chitenje pambali pa bedi, uku kumudzi udzu ukudya chimanga. Funsani kuti chaka chimenecho anakolola bwanji. Yankho lake limaonetsa mtengo umene iwo analipira.

Apa pali dzenje limene ambiri amagweramo. Mbiri ndi ya amayi anu, si kaundula wa matenda a anthu ena. Musatchule kuti uje anamwalira ndi chiyani, kapena kuti wakuti ali pa mankhwala. Ana a anthu amenewo adzakhala pomwepo. Nenani kuti "anadwazika mng'ono wawo miyezi isanu ndi itatu mpaka kumutseka maso," osapitirira apo. Ngati wodwazikidwayo ali moyo, mupempheni kaye musanamutchule, ndipo akalola, ndi bwino kumupatsa mphindi imodzi kuti anene yekha.

Powerenga ana samalani kwambiri, chifukwa mikangano yambiri ya pachiliza imabadwira apa. Tchulani obereka onse, amoyo ndi omwalira, motsata kubadwa kwawo, ngakhale amene anamwalira ali khanda ngati banja likulola. Kenako tchulani oleredwa, inu ndi ang'ono anu ndi ena onse amene anakulira pakhomopo, koma funsani amalume mawu oyenera. M'mabanja ambiri a kuno mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako ndithu, ndipo kunena kuti "ana awo enieni" ndi "ana ongowalera" kumabaya. Mungathe kunena kuti "anabereka asanu ndi mmodzi, koma amene anawatcha amayi ndi khumi ndi mmodzi." Zidzukulu ndi zidzukulutudzi muziwerenge ndi anthu awiri osiyana, manambalawo agwirizane. Ngati panali mitala kapena banja loyamba limene linatha, gwirizanani ndi eni mbumba mmene mutchulire, osati kudzidzimutsa anthu pamanda.

Zinthu zitatu zisalowemo n'komwe: amene sankabwera kudzazonda matenda, zoganizirana ufiti, ndi za munda kuti utsala ndi yani. Kuno kwa chikamwini munda umayenda ndi mbumba, ndipo nkhani yake ili ndi bwalo lake kwa amalume ndi kwa amfumu. Pa katundu wina pali lamulo la 2011 la chuma cha masiye, limene limaletsa kulanda. Zonsezo n'za tsiku lina. Koma musawasandutsenso mngelo. Ngati anali aukali pa mwana wobwera mochedwa kodyetsa mbuzi, kapena ankakana fetereza kunena kuti amawononga nthaka, nenani. Anthu akaseka pang'ono pamanda ndiye kuti amuzindikira munthu wawo.

Kutalika kwake kukhale mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Mu Seputembala dzuwa la ku Lirangwe silichita chibwana, ndipo olankhula ndi ambiri, a banja, amfumu, a mpingo. Pamenepo ndi mawu 500 kapena 600, masamba awiri olemba pamanja. Werengani mokweza kunyumba mutayang'ana wotchi, chifukwa kuwerenga chamumtima kumanamiza. Yambani ndi maina ndi kwawo, kenako ubwana ndi banja mwachidule, nthawi yambiri ipite ku munda ndi kudwazika, matenda awo omaliza atenge ziganizo ziwiri zokha. Taonani kusiyana kwake. Wina alemba kuti: "Malemuwa anali mayi wachikondi amene ankasamalira aliyense mosasankha." Wina alemba kuti: "Chaka cha njala ya 2002 pakhomo pawo panali ana asanu ndi anayi. Ankapita kuganyu m'mawa, madzulo n'kuphika phala la madeya, ndipo iwo ankadya pomaliza, zotsala mumphika." Chachiwiricho ndi chitsanzo chabe, inu muikemo zimene mwamva ndi makutu anu. Zonse zotsala, zimene sizikwana mphindi zisanu, zilembeni m'kope lachikuto cholimba, muchititse fotokope makope angapo, nyumba iliyonse ya ana isunge lake. Zithunzi zakale muzijambule ndi foni pamthunzi, popanda fulashi, ndipo potumiza pa WhatsApp muzitumize ngati dokyumenti kuti zisafooke. Kuseri kwa chithunzi lembani ndi pensulo maina a anthu ali pamenepo, bolopeni imadutsa pepala.

Mawu a pamwala achokere m'mbiri yomweyi mukamaliza kufufuza, osati musanayambe. Alembeni papepala ndi zilembo zazikulu, awerenge anthu atatu, ndipo wosema akuonetseni mmene wazijambulira pamwala asanayambe kugoba. Zolakwika zambiri zimakhala pa zaka ndi pa maina okhala ndi ng' kapena ŵ. Funsaninso ngati mtengo akuwerengera pa chilembo chilichonse. Pomanga, manda akhale atapyola dzinja limodzi lathunthu, mwinanso awiri ngati dothi ndi lamakande, kuti nthaka ikhazikike. Ziliza zambiri zimang'aluka chifukwa maziko anakhala pa dothi lofukulidwa la dzenje lenilenilo. Maziko akumbidwe kunja kwa dzenje, pa nthaka yosakhudzidwa, ndipo silabu ikhale ndi waya kapena zitsulo mkati kuti ikhale ngati mlatho pamwamba pa dzenjelo. Konkire yake ndi thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje ndi mawilibala awiri a miyala ya kwale. Silabu ya mamita 2.2 m'litali, 1.1 m'lifupi ndi masentimita 10 kuchindikala imadya thumba limodzi ndi theka, ndipo mukaonjeza maziko, njerwa ndi pulasitala, konzekerani matumba anayi mpaka asanu ndi limodzi. Ithiriridwe madzi m'mawa ndi madzulo masiku asanu ndi awiri, itafundidwa ndi masaka kapena udzu, choncho omanga amalize kudakali masabata awiri. Kumanda sikulowedwa popanda amfumu kudziwa, ndipo adzukulu ali ndi gawo lawo la chakudya. Abusa kapena akulu a mpingo muwauze mwezi usanakwane. Ngati mbali ina ya banja ndi Asilamu, funsani ashehe, poti iwo chikumbutso chawo chimayenda mwa sadaka ndipo za ziliza amaziona mosiyana.

Pali chinthu china chofunika changu kuposa mwala, ndicho mbewu zawo. Mayi wotere amasiya chimanga cha makolo chopachika pautsi kukhitchini, nandolo, khobwe, nthanga za maungu ndi mphonda m'chikho kapena m'botolo. Pakutha chaka chimodzi kapena ziwiri zimafumbwa kapena kufa, ndipo mtundu umene anausunga zaka makumi anayi umathera pomwepo. Paulendo woyamba womwewo kafufuzeni. Tengani njere 20 za mtundu uliwonse, muzikulunge m'kansalu konyowa, muziike pamthunzi n'kumawaza madzi. Pakatha sabata werengani zomera. Zikamera 16 kapena kuposa, mbewuyo ili bwino. Zikamera zosakwana theka, ibzalidwe dzinja lomweli mothithikana ndithu kuti mupezeko yatsopano. Yotsalayo iumitsidwe bwino, isakanizidwe ndi phulusa losefa, itsekeredwe m'botolo louma. Chimanga cha makolo chimakwatirana ndi cha haibulidi kudzera mu ngaiyaye, ndiye chibzalidwe patali ndi minda ya haibulidi, ndipo chosunga mbewu chisankhidwe pakati pa munda, osati m'mphepete. Ngati yachuluka, mangani timapaketi tating'ono mugawire ana ndi zidzukulu pa tsiku la chiliza, ngakhale a m'tauni amene ali ndi kamunda kuseri kwa nyumba ku Machinjiri kapena ku Chirimba.

Mbiri ikatha kulembedwa, paulendo wachiwiri muiwerenge pamaso pa amalume ndi mwana wamkulu wa malemu, akonze zimene akonze, ndipo mukagwirizana musaonjezemo kanthu. Ilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu, mzere uliwonse wotalikirana ndi unzake, papepala osati pa foni, chifukwa padzuwa foni sioneka. Muyambe ndi kupereka ulemu kwa amfumu, a mpingo ndi eni mbumba monga mwa mwambo wa kwanuko. Pepala lachiwiri mupatse mng'ono wanu kapena msuweni, aime pambali panu atawerengeratu. Pofika pa ndime ya mayi anu okuberekani mawu akhoza kukukanikani. Mukatero ingomulozerani ndi chala pamene mwalekezera, iye apitirize.